Chipinda cha Cleotis

Texarkana, Arkansas
14 Malichi 2019

Okondedwa achemwali Verlene,

Muli bwanji ku Tulsa? Nanga bondo lija lasiya kutupa? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga.

Lachiwiri pa 12 kunabwera Mayi Hollis a ku ofesi yoona za ana. Tinalipo atatu: iwowo, ine, ndi mlongo wathu Cleotis. Nkhani yake ndi ya mdzukulu wanga Jonelle.

Chimangidwire amayi ake pa 3 Novembala, mwanayu akusungidwa ndi banja lachilendo. Lero ndi tsiku la 131. Kunyumba kwawoko ndi mphindi khumi wapansi, koma ndi mbali ya Texas, ine ndili mbali ya Arkansas. Lamulo likuti sangaoloke msewu wa malire uja kudzakhala kwanga mpaka maboma onse awiri atasayina.

Mayi Hollis anayeza chipinda, anatsegula firiji, anayesa belu lochenjeza za utsi. Zonse anati zili bwino. Kenaka anatulutsa zotsatira za zidindo za zala zathu. Anati mlandu wa Cleotis uja, wothyola munthu chibwano mu 2016, sulola kuti mwana agone nyumba imodzi ndi iye zisanathe zaka zisanu chiweruzidwire.

Cleotis anayankha kuti chibwanocho chinapola kalekale, mwini wake akukukuta nthiti za nkhumba kuposa iye. Anafunsanso ngati kugona m'galimoto pabwalo kukuwerengedwa ngati kugona m'nyumba. Mayi Hollis anamuuza kuti inde.

Achemwali, ndikuululireni. Dzulo m'mawa ndinamuuza kuti asamuke. Sindinayambe ndakufunsani, ngakhale nyumbayi amayi anatisiyira tonse atatu. Cleotis anandinena kuti ndasanduka woweruza wopanda mkanjo, nandikumbutsa kuti denga anakhoma ndi iye. Sindinatsutse, chifukwa ndi zoona. Anatuluka osadya. Masana anabwera ndi chitini cha penti wachikasu, akuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangagone m'chipinda chonunkha fodya wa nkhalamba.

Sindikukayika kuti ndachita bwino. Khoti la ku Texas likhala pa 30 Epulo. Arkansas ikakhala isanasayine, banja lija likufuna kupempha kuti Jonelle akhale wawo mpaka kale. Ndi anthu abwino, koma mwanayo ndi wathu.

Pempho langa ndi ili: mumulandire Cleotis mpaka pa 20 Ogasiti 2021. Mowa anasiya, pa 1 Meyi akwanitsa zaka ziwiri. Ndikudziwa kuti alamu a Harlan sagwirizana naye, koma muwauze kuti amatha kukonza mapaipi, ndipo akamaonera mpira salankhula.

Tikiti ya basi ndagula kale, ya Lachinayi pa 28. Afika 4 koloko madzulo. Iye sakupemphani yekha, mukumudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Ambuye akudalitseni. Mayi Hollis abweranso pa 2 Epulo kudzaona ngati m'chipindamo mulibe nsapato za mwamuna. Kwatsala masiku 19.

Ndine mng'ono wanu,
Ozella