Kabati ya Pansi pa Sinki

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi ana. Ife kuno tikungoona kucha ndi kuda.

Ntchito yokonza bafa ija yatsala pang'ono. Khomo talikulitsa kuti njinga imene alamu anu akuyendera chidwalireni sitiroko izilowa osakhula, ndipo matailosi oterera aja tachotsa. Chatsala ndi kabati ya pansi pa sinki, ndiyo yandisowetsa mtendere.

Dzulo kalipentala anabwera ndi tepi yake. Akuti ya munthu woimirira imatalika masentimita 85, koma ya munthu wa pa njinga iyenera kutsikirako, kunsi kukhale kopanda zitseko kuti mawondo azilowa. Anandifunsa kuti, "Mayi, ndidule iti?"

Ndisanayankhe, alamu anu anakuwa ali kuchipinda, "Dulani yaitali! Chaka chamawa ine ndizidzameta ndevu chiimirire."

Kalipentala anandiyang'ana, ine ndinamupempha kuti abwerenso tsiku lina.

Achemwali, pali mawu amene dokotala anandiuza pakhonde tsiku lomwe tinkatuluka m'chipatala, eni ake asakumva. Sindinauzepo munthu, ndipo papepala pano akukana kulembeka. Ndikasankha yaifupi, adziwa. Ndikasankha yaitali, m'mawa uliwonse azisukusula m'beseni la pamiyendo, akuyang'ana sinki imene sangaifikire.

Kalipentala abweranso Lolemba ndi sowo. Chonde mundiimbire Lachisanu masana, alamu anu ali kuchipatala kolimbitsa miyendo. Mwina pafoni pakamwa panga patseguka.

Ndine mng'ono wanu wothedwa nzeru.