Mikanda pa Kachipanda

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Zatheka. Patha zaka ziwiri ndikulimbana ndi kupanga gemu ya tizilombo imeneyi, lero tsokonombwe wachoka m'foni yanga n'kukatera m'foni ina popanda intaneti. Foni inayo ndi ya atate. Ndinaitenga patebulo iwo akusamba, ndaikamo gemu, ndayesa, ndabweza. Sanadziwe. Ndifufuta mawa.

Joshua, amene amandijambulira tizilomboti, akuti ndilembe malamulo penapake chifukwa ndimasintha ngati mitambo ya mwezi uno. Nawa. Umayenda m'minda, kugwira tizilombo, kutisunga m'kachipanda, kenako kutimenyanitsa ndi ta anzako. Foni iliyonse ili ndi take. Yanga ili ndi bwannoni koma mulibe nkhululu, ya atate yapeza nkhululu koma mulibe bwannoni. Ukafuna tonse, uyandikire mnzako musinthane. Masitepe khumi basi, ukapitirira zimaduka.

Pa 22 tikaigawa ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Mafoni onse aja pamalo amodzi, ndani angaphonye?

Lachinayi, 13 Febuluwale

Malaiti apita m'mawa, abwera dzuwa litapendeka. Ndagwira ntchito m'kope.

Pa malamulo a dzana aja ndinasiya la nkhululu. Kuti uigwire uyenera kukumba una wake masiku asanu otsatizana, ukadumpha tsiku limodzi una umatsekeka, uyambirenso. Joshua akuti palibe munthu angapirire zimenezo. Waleredwa m'tauni uyu. Ine atate anandiphunzitsa kukumba nkhululu kumudzi ku Chipangali ndili wamng'ono, ndipo ankati nkhululu simagwira munthu wa phuma. Ndinawerenga kuti ngakhale ku Japan, amene anayambitsa magemu a mtunduwu ankatola tizilombo ali mwana, ndipo gemu yake inatha zaka zisanu ndi chimodzi isanatuluke. Ndiye ziwiri zangazi n'chiyani?

Kachipanda kankaoneka ngati mbatata pa foni yaing'ono. Sabata yatha Joshua anakaveka mikanda yofiira pakhosi kuti kaziwala. Kakongola.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Ndinaiwala kufufuta. Mayo ine.

Mapemphero atatha akulu a mpingo anakhala pamsonkhano wawo. Atate ndi mlembi, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Anatulutsa foni kuti aone kalendala, chala n'kudina polakwika. Ati a Whiteson, mkulu wa mpingo uja wa jekete la buluu, anasuzumira n'kuona chiswamphika chikulowa m'kachipanda ka mikanda, chitsononkho n'kutseka pakamwa. Anangoti, “A Shawa, nsupa iyi. Mukuweta zinthu?”

Nsupa. Zaka ziwiri zonsezi sindinaganizeko. Tsopano ndikayang'ana mikanda ija ndikuona chimene anaona, ndipo zikundipsetsa mtima kuti ndikuchiona.

Atate abwera, apachika jekete, sanadye.

Lolemba, 17 Febuluwale

Andiitana pakhonde. “Hazel, khala apo.” Mawu a m'kalasi aja, ngakhale anapuma kale pa uphunzitsi.

Akuti m'foni mwawo afufuta kale. Ine ndifufute zonse, za mu laputopu zomwe, ndipo Lachisanu ndikapepese pamaso pa akulu. Ndikakana, ndione kwina kokhala, nyumba ya mlembi wa mpingo singasunge zinthu zotere.

Ndinati, “Atate, kutenga foni yanu mobisa ndinalakwa, pepani. Koma mukudziwa kuti si ufiti. Ndi tizilombo tomwe munkandionetsa inu.”

Anati, “Chimene ndikudziwa ine sichithandiza. Anthu aona nsupa.”

Apo pandiwawa kuposa ponse. Akanakhala kuti akukhulupiriradi, bwenzi ndikuwamvera chisoni. Koma akudziwa. Akuopa jekete la buluu basi.

Sindifufuta. Ndalemba pano kuti mawa ndisadzinamize.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ku kwaya andiuza kuti ndiyambe ndapuma. Alito yawo iimbe yokha popanda ine tione.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Joshua wabwera ndi chithunzi chatsopano: chitini cha mkaka m'malo mwa kachipanda. Akuti mphindi khumi zokha n'kusintha, nkhani yatha, iwe ukhale pakhomo panu. Wachita mantha chifukwa amayi ake amva kale ku msika wa Kapata kuti mwana wa a Shawa amatuma zilombo pa foni. Ena akuti ndinagula ku Mozambiki. Ine amene ndinalemba mzere uliwonse ndi zala izi, batire ikulira.

Kunena zoona mikandayo ndikanachotsa akanandipempha ngati munthu. Koma ndikachotsa lero ndiye kuti ndavomera kuti inali nsupa. Mawa adzati nanga chiswamphika chikupempheranji, mkuja adzati bongololo ali ndi miyendo yambiri. Ndamuuza Joshua kuti chitini chake akamwere tiyi.

Ndaimbira azakhali a Yosefina ku Madzimoyo. Akuti mphasa ilipo, koma malaiti kulibe, ndizikatchaja kwa aphunzitsi. Chabwino.

Atate sakundilankhula. Tikatha kudya masana amakhala pakhonde, magalasi pamphuno, kudinadina foni. Akulemberana ndi a Whiteson za ine, kaya. Alembe.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndapita. Sindinapite kukapepesa, ndinapita kuti andione nkhope.

Akulu asanu ndi mmodzi pabenchi, atate kumapeto ndi buku lawo la msonkhano. Ndinagwada monga mwa ulemu, pamenepo sindinachite mwano. Ndinaika foni patebulo ndi kuwapempha kuti ayese okha. Palibe anaikhudza. A Whiteson anaikankha ndi buku la nyimbo.

Anafunsa, “Mwana iwe, zinthu zimene umasunga m'nsupa n'kumazituma kukamenya anzako, kwanu mumazitcha chiyani?”

Ndinati, “Tsokonombwe, bambo. Ndi bwannoni. Ena mwa iwo munadyapo.”

Mmodzi anatsokomola, ndikuganiza kuti kunali kuseka. A Whiteson sanaseke. Anatembenukira kwa atate kufunsa ngati m'foni mwawo munayeretsedwa. Atate anati inde, osadzutsa mutu.

Chilango: miyezi isanu ndi umodzi, kwaya ayi, mgonero ayi. Atate analemba okha m'buku, ndi dzanja lawo lokongola lija, dzina langa lonse. Ndinaonerera cholembera chikuyenda. Sindinalire m'menemo, ndakalirira kuseri kwa thanki ya madzi, pang'ono chabe.

Ndalongedza. Zikwama ziwiri, cha laputopu ndi cha zovala. Mawa Mtenguleni, kuchokera kumeneko Madzimoyo. Ndikuopa, inde. Sindinagonepo kunja kwa nyumba ino chifukwa chothamangitsidwa. Koma gemu ikupita ku Ncwala ndi mikanda yake.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndikulemba mu minibasi, zilembo zikuvina.

M'mawa ndinatuluka ndi zikwama zonse ziwiri. Atate anali pakhonde, nyuzipepala pamiyendo. Ndinati, “Ndapita, atate.” Anangokonza magalasi pamphuno. Ndinayenda mpaka pageti, dzanja lili kale pa loko, foni n'kunjenjemera m'thumba. Ndimati ndi Joshua akundifulumizitsa.

Pa foni panalembedwa mawu amene ndinalemba ndekha chaka chatha: Foni ya B. Shawa ikufuna kusinthana nanu. Pansi pake nkhululu, yonenepa, mapiko otambasula. Ikufuna bwannoni.

Nkhululu. Masiku asanu otsatizana, osadumpha. Ndinawerenga ndi zala nditaima pomwepo: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, lero. Lachisanu lomwe lija atate anauza akulu kuti inde, munayeretsedwa. Joshua yemwe sanaigwirepo.

Kachizindikiro kanayamba kuphethira, pageti m'patali, zinatsala pang'ono kuduka. Ndinabwerera masitepe atatu. Kenako ena awiri.

Atate maso ali pa nyuzipepala, foni ili pansi pake. Anati, “Una wako ndi wosaya. Nkhululu yeniyeni imakhota kawiri isanafike pogona.”

Ndinati, “Mikanda sindichotsa.”

Anati, “Ndakufunsa za mikanda?”

Ndinadina Inde. Bwannoni wanga wa chaka chonse anapita, nkhululu inalowa m'kachipanda kanga, chitsononkho n'kutseka. Pansi pa nyuzipepala panalira kanyimbo kaja, atate n'kukhosomola kuti akabise.

Chilango chikadalipo, dzina langa likadali m'buku lawo. Za nyumba sananene kanthu, inenso sindinafunse. Ndanyamula cha laputopu chokha. Cha zovala ndachisiya pakhonde pafupi ndi mpando wawo, ndipo nditacheuka pamsewu ndinawaona akuchilowetsa m'nyumba.