Udzu wa Adona

Lolemba, 3 Malichi

Dzuwa lang'amba. Kumwamba mbee, ndipo wailesi ikuti mvula ipuma sabata yonse. Ndayamba kumweta.

Udzu wafika m'chiuno, wobiriwira, sunamasule. Nthawi yake ndi imeneyi. Ukangomasula mphamvu zonse zimathawira ku njere, chotsala ndi timitengo toti ng'ombe izitokosera m'mano.

Odutsa pamsewu kuima, kuseka. Chaka chatha ankandiseka kuti ndikubzala udzu, chinthu chomera chokha. Lero akundiseka kuti ndikumweta wauwisi. Iwo udzu amene amaudziwa ndi wofolera nyumba basi. Asekeni, mano ndi awo.

Achimwene adutsa manja ali kumbuyo ngati kapitawo. Moni ayi. Akuti, “Woumba njerwa uja wafunsanso.”

Pangano lathu pamaso pa amayi ndi lija: munda wa malemu bambo ndiugwire dzinja limodzi. Udzu ukagulidwa, munda ukhala. Ukapanda kugulidwa, aupereka kwa woumba njerwa akumbe. Maenje amene anasiya kwa aneba ndinawaona. Achule okhaokha. Munda wa bambo ayi, ine ndili moyo.

Lachitatu, 5 Malichi

Matuza m'manja monse. Msana ngati si wanga. Koma ndamaliza, udzu wonse uli gone m'mizere. M'mawa kutembenuza mame akauma, masana kutembenuzanso. Fungo lake! Ndimangoima pakati pa munda n'kumanunkhiza ngati wamisala.

Ndapita kwa mayi wina woweta ng'ombe za mkaka kukamutsatsa udzu. Khola lake laukhondo kuposa zipinda za anthu ena. Mayi wosaseka. Chaka chatha anagula udzu wooneka bwino kunja, mkati chuku chokhachokha, ng'ombe yake imodzi mpaka inataya bere. Ndiye wogulitsa udzu aliyense amamuona ngati mbava.

Akuti, “Ine sindigula udzu, achemwali. Amagula ndi Adona.”

Adona ndi ng'ombe. Yamawanga akuda ndi oyera, yotulutsa mkaka kuposa zonse, yonyada kuposa mwini wake. Chakudya chikakhala ndi kafungo pang'ono imangotembenuka n'kukuonetsa mchira. Mayiyo akuti adzabwera yekha, adzasolola belo la pakati pa mulu, osati limene ndingamusankhire ine. Adona akadya, mayiyo atenga wonse.

Tsogolo la munda wa bambo lili pa mphuno ya ng'ombe. Ndaseka ndekha njira yonse.

Lachisanu, 7 Malichi

Amayi magazi akwera. Chizungulire, maso osaona bwino. Kuchipatala atigoneka. Ndalama ya chingwe chomangira mabelo yapita ku galimoto.

Udzu ndausiya uli pakati, kunja wouma, mkati wofewa. Umafuna masiku ena awiri a dzuwa. Ndawauza achimwene kuti asaukhudze. Angogwedeza mutu.

Pa zenera la wodi ndikuona kamtambo. Sindikakonda.

Lolemba, 10 Malichi

Amayi atuluka, ali bwino, ayamba kale kukalipa. Ine ndiye sindili bwino.

Kufika kumunda, mizere kulibe. Pakati pa munda chimulu ngati chulu, chokutidwa ndi pulasitiki wakuda uja timafunditsa chimanga. M'mbali monse miyala, pena dothi, kuti mpweya usalowe ngakhale pang'ono. Loweruka kunawaza mvula, ndiye achimwene ndi akazi awo, alamu anga, anakokera udzu wonse pamodzi, wonyowa momwemo, n'kuutsekera. Masiku awiri padzuwa!

Achimwene ali poteropo akumwetulira, kudikira zikomo.

Ndavundukula. Ndalowetsa mkono mpaka m'phewa. Kutentha ngati m'khwapa mwa munthu wa malungo. Fungo lowawasa. Udzu wonyowa ukautsekera umadziphika wokha, ine ndimadziwa, iwo ayi. Iwo amadziwa chimanga.

Ndakuwa mpaka agalu a kwa aneba kuyankha. Ndati mwachita dala. Ndati pitani mukamuuze mnzanu wa njerwayo kuti mwagwira ntchito yake. Kumwetulira kuja kunangouma pankhope. Anatenga foloko n'kuyamba kumwaza. Tamwaza atatu mpaka dzuwa kulowa, nthunzi ili tolotolo.

Wa pakati wayera ndi chuku. Watha ntchito umenewo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndalira. Ndilembe, palibe adzawerenge.

Alamu andipeza ku mjigo. Akuti achimwene anathamangira kumunda mvula ili pamsana, anaterereka, bondo latupa mpaka lero. Akuti, “Akanafuna njerwa, alamu, si akanangokhala m'nyumba n'kumaionerera mvulayo?”

Mawu amenewo andilasa. Achimwene ndawapititsira mankhwala opaka. Alandira, ayang'ana kumbali. Ifenso kupepesana sitidziwa, tinatengera bambo.

Dzuwa labwerera. Kutembenuza, kutembenuza.

Loweruka, 15 Malichi

Wauma! Ndapotokola kamtolo m'manja, kali thethethe, osatuluka chinyezi, osathothoka masamba. Mtundu ukadali wobiriwira. Wopulumukawo ndi wabwino kuposa mmene ndinkaopera.

M'mawa ndimva khokhokho kuseri. Achimwene, bondo lomanga, akukhoma bokosi ndi matabwa a chitseko chakale cha bafa. Akuti ndi lopangira mabelo, anaonera kwinakwake. Chingwe agula okha. Sanati pepani, ine sindinati zikomo. Timayala zingwe ziwiri m'bokosi, kuthira udzu, ine kukwera n'kumapondaponda, iwo kumanga. Akuti, “Thupi lakoli lapeza ntchito tsopano.” Ndawaponyera udzu kumaso.

Alamu akuti wa chukuwo tiziika pang'onopang'ono pakati pa mabelo, ndani angaone? Adona angaone. Ndiponso chikomekome cha mkuyu ine sindigulitsa. Achimwene aututa okha pa wilibala kukautaya ku dzenje la manyowa.

Mabelo tasanja mu shedi, pamwamba pa mitengo kuti asagunde pansi, mipata pakati kuti mphepo izidutsa. Shedi imene ndinkati idzadza yangofika theka. Theka lomwelo ndi langa.

Lolemba, 24 Malichi

Zii. Mayi uja foni sakuyankha. Ndatumiza uthenga kawiri, kachitatu ndiye kudzitsitsa.

M'mawa uliwonse mkono pakati pa mabelo. Kuzizira bwinobwino. Amayi akuti ndikumayeza udzu ngati namwino.

Woumba njerwa wadutsa pa njinga, maso ali kumunda ngati akuyeza kale. Sopo watha. Shuga watha.

Lachitatu, 2 Epulo

ADONA ADYA!

Ndilembe mwadongosolo. Mayi uja wangotulukira ndi kagalimoto kake, osachenjeza. Akuti anali ndi ng'ombe yobereka movutikira. Walowa mu shedi, wagwetsa mabelo a pamwamba, wasolola la pakati penipeni. Wadula chingwe, wanunkhiza, nkhope osasintha. Akuti kwerani. Takwera kumbuyo ine ndi achimwene, belo lili pakati pathu ngati mwana wopita naye ku sikelo.

Ku khola, udzu m'chodyera. Adona abwera mosafulumira. Anunkhiza. Apumira udzuwo mpaka kuuluka. Kenako atembenuka.

Mtima wanga unaima. Ndinaona maenje, ndinamva achule. Achimwene anandigwira pamkono, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire bambo.

Adona anayenda pang'ono, anakanda khosi pa mtengo, anatiyang'ana ngati tabwera kudzapempha ntchito. Kenako anabwerera. Lilime kutuluka, kukulunga, kukoka. Kachiwiri. Kachitatu. Ng'ombe ina itayandikira anaigunda ndi mutu, osafuna kugawana!

Ine kulumpha, kululutira pa khola la eni. Achimwene kuvula chipewa n'kuwagwadira Adona, bondo lotupalo aiwala. Akuti, “Zikomo bwana, Mulungu akudalitseni.” Mayi wosaseka uja waseka mpaka kugwira mpanda.

Watenga wonse. Walipira pompo. Akufunanso womweta kachiwiri, ndi wa chaka chamawa, ndipo akuti anzake awiri a mkaka akuvutika ndi chakudya cha chilimwe. Anandifunsa kuti wochepa chonchi bwanji, munda wonse uja? Ndinati wina unaonongeka, tinataya. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, “Munataya? Ndiye tigwirizana.”

Pobwerera ndagula shuga, sopo, ndi nsapato za amayi. Amayi azivala m'nyumba momwemo, akuyenda uku ndi uku, akuti, “Udzu umenewu? Udzu weniweniwu?”

Bambo, mukanaona. Munda wanu sukumbidwa.

Lachisanu, 4 Epulo

Woumba njerwa wabwera kudzamva yankho. Ine ndinali kuseri kwa shedi, khutu lili tcheru. Achimwene amulandira bwino, mpando, madzi akumwa. Akuti, “Pepani akulu, mundawu uli ndi bwana wake kale, ndipo ali ndi nyanga.” Kenako alowa m'nyumba, atuluka ndi pulasitiki wakuda uja atamupinda bwinobwino. Akuti atenge azikafunditsa njerwa zake, pulasitiki ameneyo pakhomo pano asaonekenso.

Ndinaluma nsalu kuti kuseka kusamveke.

Madzulo oseka aja awiri aima pamsewu. Akufunsa kuti mbewu ya udzuwu imapezeka kuti. Ndawauza kuti udzu umamera wokha.

Lolemba, 14 Epulo

Udzu waphukanso, wafika m'mawondo ndi kupitirira. Sunamasule. Kumwamba mbee.

Ndadzuka ndi phokoso la mwala ndi chitsulo. Pa zenera, achimwene ali chikhalire pa chitsa, akunola zikwakwa. Ziwiri. Akulangiza alamu mokweza kuti udzu wonyowa safunditsa, umadziphika wokha, ngati nzeruzo anabadwa nazo.

Ndi awo akundikuwira kuti ndikugona ngati Adona, dzuwa likutha. Iwo! Kundidzutsa ine, kumunda kwanga! Dikirani ndipeze nsapato, ndikawaonetse mmene amamwetera udzu.