Amayi Sanasambitsidwe

Mwanza
21 Febuluwale, 2023

Okondedwa achemwali a Liness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo. Ndikudya, ndikugona, kuntchito ndikupita. Mvula ikugwa bwino, chimanga cha amayi chabereka, kungoti udzu wachipitirira.

Pafoni paja munandifunsa kuti amayi anawasambitsa ndani, ine n'kunena kuti netiweki ikuvuta. Siinkavuta ayi. Yankho lake silikanakwana pafoni, n'chifukwa chake ndapempha dalaivala wina wa thiraki paboda pano kuti akufikitsireni pepalali.

Palibe anawasambitsa, achemwali.

Mukudziwa nokha kuti kwa Nthache bokosi la munthu wamkazi silinkakhomedwa amayi asanafike ndi sopo wawo, kansalu ndi mafuta odzola. Ankachita kuyankhula nawo malirowo, amvekere pepani, tikutembenuzeni pang'ono. Ndiye mwezi wathawu mkazi wa a Matthew atamwalirira panyumba, anawaitana monga mwa masiku onse. Za kolera panalibe anatchula, ankangoti anatsegula m'mimba. Amayi anakasambitsa. Sabata isanathe, mlongo wathu Laston anawabweretsa panjinga kutenti ya odwala kolera kuchipatala chathu kuno.

Ntchito yanga ndi ya pawindo la mankhwala, koma masiku amenewo aliyense ankagwira chilichonse. Ine anandipatsa yosungunula kolorini m'ndowa: wofooka wosambira m'manja, wapakati wa zofunda, wamphamvu wa masanzi, chimbudzi ndi mitembo. Amayi anafika maso atalowa kale mkati, mtsempha wa diripi unachita kuvuta kupeza. Anandizindikira, n'kundifunsa ngati ndadya. Mawa lake m'mawa anatisiya.

Dzuwa lisanapendeke anatulukira a Rozina, mnzawo uja ankasambitsa naye maliro, ali ndi azimayi a mvano. Anayenda wapansi kuchokera kumudzi, atasenza ndowa, nkhuni zofunditsira madzi ndi yunifolomu ya amayi yakutchalitchi. Anzanga akuntchito anaopa kuwauza kuti maliro a kolera sasambitsa, anangoyang'anizana. Ndinapita ndekha pageti, ndili m'majombo ndi magolovesi.

A Rozina anati, “Fyness, tipatse mayi ako tiwakonze. Munthu anasambitsa mudzi wonse, iye apite ndi fumbi?”

Ndinawayankha kuti sizitheka. Anapempha kuti angowapukuta kumaso. Ndinakana. Anati nanga dzanja lokha, aligwire potsanzika. Ndinakananso, ndipo ndinawauza mosapsatira kuti akawakhudza, sabata yamawa ndowa yamphamvu ija ndidzasungunulira iwowo. Mawu anga anatuluka ngati ndikuuza wodwala kamwedwe ka mapiritsi. A Rozina anandiyang'ana kuyambira kumajombo mpaka kumutu, n'kunena kuti sukulu inandiumitsa mtima.

Ndinalandira yunifolomu yokha. Ndinapempha anzanga kuti andisiyire ntchitoyo, ndipo ndinawapopera ndekha amayi kolorini wamphamvu uja, kutsogolo ndi kumbuyo. Powatembenuza ndinangomva pakamwa panga pakuti pepani. Yunifolomu ndinaiyala pamwamba, tinatseka thumba la pulasitiki, tsiku lomwelo tinakaika. Kunalibe kugona pasiwa, kunalibe kuona nkhope, kunalibe chakudya. Laston anaima patali ndi ine, ndipo mpaka lero akandiona amatsika panjinga n'kuyamba kuona matayala.

Sindinalire. Ndikukuuzani chifukwa anthu akuuzani ndithu, bola mumve kwa ine. Ndayesapo kukhala pamkeka wa amayi, kufungatira chitenje chawo, koma palibe chikubwera. Mkatimu muli zii. Chimene ndikumva ndi fungo la kolorini basi, m'manja, m'chakudya, ngakhale m'tiyi.

Mwina museka, koma nthawi imene anthu amalira ine ndikuwerenga pafoni za mzungu wina wa ku France, a Labarraque, amene aphunzitsi athu kukoleji ankamutchula tikamaphunzira za mankhwala opha tizilombo. Anali wosakaniza ndi kugulitsa mankhwala ku Paris zaka mazana awiri zapitazo, ntchito yonga yangayi. Anayambira m'nyumba zonunkha zimene ankakonzeramo matumbo a nyama kuti apange nsambo za zoimbira. Antchito ankakhala m'chivundi tsiku lonse, iye n'kupeza kuti madzi a kolorini amathetsa fungolo. Kenako madziwo analowa m'zipatala, m'zimbudzi, m'nyumba za mitembo. Mfumu yawo itamwalira thupi litaola ndi zilonda, akuti ndi madzi ake omwewo amene anathetsa fungo kuti anthu athe kuyandikira. Tizilombo timene ankapha sanationeko n'komwe, ankangotsata mphuno.

Ndimawerenga n'kubwerezanso, kufuna kupeza ngati analetsapo munthu kugwira mayi wake. Sizinalembedwe. Zalembedwa ndi za mphotho zimene analandira. Iye madzi akewo anayandikizitsa anthu kwa mfumu, ine omwewo ndinathamangitsira anthu kwa amayi. Ndikudziwa kuti sindinalakwe. Kudziwako sikukundithandiza kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Akumudzi akuti tikakolola adzachita mapemphero amene anatsala, ndi kuika mtanda pamanda. Chonde mubwere. Musavutike n'kugula zinthu. Mungobwera, mudzakhale pafupi nane pamphasa, chifukwa ndikuona kuti mbali yanga idzakhala yopanda munthu. Ngati nanunso mwakwiya, bwerani mudzandikalipire pamaso, mwina ndingamveko kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ana musawauze zonsezi, muwauze kuti agogo anavala yunifolomu yawo. Kumudzi onse ali bwino. A Rozina ali bwino, dzulo ndinawaona pamsika akugulitsa mtedza. A Betty ali bwino, a Lucia ali bwino, ndi ena onse amene anasenza ndowa tsiku lija, palibe ndi mmodzi yemwe anadwala. Moni wawo ndilibe woti ndikupatsireni, chifukwa sandiyankhula.

Ndine mng'ono wanu,
Fyness