Msana wa Tionge

Lolemba, 3 Marichi

Kuchipatala ndi Tionge. Msana wake ukupindikabe, madigiri 42 tsopano. Adokotala akuti msana wotere umapindika kwambiri mwana akamakula. Ngati kukula kukadali kutsogolo, buresi yomwe amavala yogwira msanayo siikwanira yokha, amuika zitsulo. Anandifunsa ngati anayamba kusamba. Ndinati ayi. Anayang'ana ekisire, n'kundifunsanso pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi gonthi. Akuti mafupa a m'chiuno akuoneka okhwima kuposa mmene ndikunenera. Ine ndinakhala m'kalasi ya bayoloje ku yunivesite zaka ziwiri, mimba ya Tionge yemweyu isanandichotseko. Mwana wanga ndimamudziwa. Tionge anangozyolika.

Lachitatu, 5 Marichi

Wanga msanawu palibe anauunika. Ku Ntcheu anangonditema mphini, n'kundiuza kuti ndisiye kukhala mopendekeka. Lero phewa lamanja lili m'mwamba, ndipo ikamakwana masana kuntchito ku fakitale ya ku Wadeville, kuno ku South Africa, ndikumata mapepala pa makatoni, msana umayaka moto. Sindinafe nawo, inde. Koma mwana wanga sadzayenda chonchi. Ngati ndi zitsulo, zitsulo.

Loweruka, 8 Marichi

Kwatentha. Buresi ija, chipulasitiki chochokera m'khwapa kufika m'chiuno, yamusupula nthiti. Ndamupaka mafuta, ndamumanganso. Mu takisi mayi wina anamukhudza, anamva kulimba, n'kuyamba: "Hawu, shame!" Ndinamufunsa ngati chisonicho chimawongola mafupa. Anatsikira pa maloboti oyamba.

Lamulungu, 9 Marichi

Potuluka m'tchalitchi, Susan. Mchemwali wake wa Hamilton, bambo a Tionge amene anapita ku Cape Town kukafuna ntchito n'kukapezako mkazi. Sitilankhulana. Lero anandiimika.
"Alamu, ndamva za mpeni. Mwafunsa bwinobwino?"
"Ndifunse yani? Inu? Akwanu amadziwa kuthawa basi."
"Tikhale pansi kaye, pali mawu."
"Kakhaleni ndi achimwene anu."
Ndili patali ndinacheuka, ndinaona akunong'onezana ndi Tionge. Azinong'ona.

Lachiwiri, 11 Marichi

Mkuja atiuza tsiku la opareshoni. Sindikuopa. Tionge sakudya.

Lachinayi, 13 Marichi

Adokotala anabwereza funso lomwe lija. Ndisanatsegule pakamwa, Tionge anapempha m'Chizungu kuti amayi ake adikire panja. Ine! Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, ndinakakhala pa benchi ndi anthu a ndodo.

Atandiitana, nkhani ndi iyi: Tionge anatha msinkhu chaka chatha mu Januwale. Anakauza azakhali ake monga mwa mwambo. Susan anamulangiza kwake ku Kempton Park, n'kumuuza kuti za kumwezi mwana sauza mayi ake yekha, okawauza ndi akuluakulu. Mwanayo anamvera, ngakhale ataona mpeni ukubwera.

Adokotala akuti kukula kwatsala pang'ono. Opareshoni aiimitsa kaye. Buresi apitirize, ekisire ina mu Sepitembala. Msana sudzawongoka, koma ukaima pamenepa akhoza kukhala nawo, kugwira ntchito, kubereka, osadulidwa. Ukapitirira, tidzakambirananso.

Madzulo ndinaimbira Susan. Ndinati mukanapha mwana wanga ndi mwambo wanuwo.
"Wanga? Inu munauza ndani kwanu ku Ntcheu? Ndinabwera ndi nkhuku mwezi womwewo kudzakuuzani mwaulemu. Munandibweza pageti, nkhukuyo munati ndikapatse mkazi wa ku Cape Town."
Zoona, nkhuku ndikuikumbukira. Inali yowonda. Ndinadula foni.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndaweruka msanga. Tinalowa m'sitolo kuno ku Primrose kugula sopo. Tionge anatsalira pa shelefu ina, kenako anabwera akuyenda mowuma ndi buresi yake, n'kuponya paketi ya mapadi m'basiketi osandiyang'ana.
"Amayi, ndimafuna awa. Anti amagula otchipa, amandiyabwa."
Ndinati anti akowo sanadziwepo kusankha kanthu.
Anaseka. Ndinamutuma akatengenso ina.