Paipi ndi thankala ya bambo a Tadala

Lachinayi, kuno ku Biwi. Kwatentha, koma mtima uli m'malo.

Mtundu wonse wa Amalawi udziwe kuti lero bambo a Tadala abwerako ku Tanzania ndi thankala yawo ya mafuta, ndipo atsuka okha mbale yomwe adyera. Mbendera zikwezedwe.

Masana pawailesi amakamba zoti mwina kudzakhala paipi yobweretsa mafuta kuchokera kudoko mpaka kuno. Ine ndi digiri yangayi ndinayamba kuwalalikira amuna angawa kuti mizere ya mafuta idzatha ndipo dziko lidzapumako.

"Mayi a Tadala, paipiyo mwini wake adzakhala ndani?" anandifunsa. "Mpopi ukakhala pakhomo pa aneba, iwe chako ndi ndowa basi. Nanga paipi idzakugulirani chitenje pa Songwe?"

Ndinawayankha kuti paipi siliza mkonono, komanso sikhala paboda masabata awiri. Iwo sanaseke. Anangoyang'ana manja awo, nati, "Zaka zonsezi, ntchito yomwe ndimaidziwa ndi yomweyi."

Kunena zoona, za dzikozo ndimangonamizira. Ine ndikungofuna azigona pakhomo. Koma sindinaganizepo kuti bambo amene wabwerera kunyumba chifukwa ntchito yamuthera amakhala bwanji pakhonde tsiku lonse, anzake akupita kuntchito...