Mkono wa Juzi ya Yotamu

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine ndikulemba ndili ku Bulawayo, dziko la eni, nditakhala pa chitini kunja kwa chipinda cha mwana wanu Yotamu, kuwothera dzuwa losatentha n'komwe. Musadabwe. Ndine Esinati yemwe uja munkamuseka kuti sangafike ku Kafue osasanza. Ndadutsa Zimbabwe ndekhandekha pa basi, pakati pa Julaye, ndipo mtima wanga sunakhale pansi mpaka lero.

Ndiyambe ndi za kunyumba, poti mukanandidula pakamwa kuti muzimve. Mdzukulu wanu Misozi anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Amalira ngati inu mukamakalipira ogulitsa makala. Chimanga chakuseri kwa nyumba chinamira ndi madzi aja a kwathu ku Kanyama, mu Lusaka, amene tinapondamo ponyamula bokosi lanu, tinangopezapo chowotcha. Fakitale ya bambo a Misozi anaitseka, tsopano amangokhala pakhomo kukonza wailesi yosawonongeka. Ufa ukukwera mtengo sabata ndi sabata, ndipo majuzi oluka pamanja palibenso akuwafuna, aliyense akugula zovala zakale ku salaula.

Za maliro anu tinamulembera Yotamu, koma kalata inapita kumene anasamukako kalekale. Ife tinkayesa wangouma mtima. Ndiye mu Juni kunabwera kalata, pamwamba dzina lanu. Anati akudwala chifuwa miyezi ingapo, ntchito anamuchotsa, kukuzizira kwambiri, mumutumizireko juzi ija munamulonjeza. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndinaimaliza nditakhala pansi. Mwana wanu ankalembera munthu amene tinamuika m'manda miyezi inayi yapitayo.

Tinakumana kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono a ku Matero. Pasipoti ndinali nayo ine ndekha, ija ndinatengera geni ya ku Harare imene sinayambike, choncho panalibe zokambirana. Ponditsanzika anandigwira pamkono mpaka kuwawa.

“Iwe Esinati, umvele. Odwala sibamuuza malilo. Ukakamba cabe, wamupaya. Ukambe ati bamayi bali bwino, bakupasa moni. Vinangu tizamuuza akafika kuno.”

Ndinavomera, koma inu mukudziwa kuti bodza silindikhala. Munkati nkhope yanga ndi youlula.

Juzi ndinaipeza m'kathumba kanu pansi pa bedi, yofiirira, ya ulusi uja munkamasula ku majuzi akale a ku salaula. Zonse munamaliza kupatula mkono wakumanzere, ndipo singano zinali zobayidwa pomwe munalekezera. Ndinazengereza kuzigwira. Zaka zonse zija simunalole munthu kuzikhudza, munkati, “Singano yolukira ndi mswachi, sabwerekana.” Ndikhululukireni, ndinabwereka. Sindikanapereka juzi ya mkono umodzi ndi kunena kuti mwiniwake ali bwino. Nthawi panalibe, ndiye ndinati ndilukira m'njira.

Tinanyamuka m'mamawa. Basi yake inali yokalamba kuposa ine, zenera la pampando wanga anatsekapo ndi katoni, ndipo mphepo inkalowa m'mbali ngati yatumidwa. Ndinavala madiresi awiri, chitenje kumutu, bulangete m'miyendo. Kumapiri otsikira ku Chirundu ndinangoyang'ana panja kamodzi, n'kuona mafupa a malole atagona m'zigwa, basi maso ndinabwezera pa ulusi. Pa boda ndinatuluka thukuta m'nyengo yozizira. Wapaboda anatenga juzi, naitambasula, nandifunsa ngati ndi yamalonda. Ndinati ndi ya m'bale wanga wodwala. Anayang'ana mkono wosowawo, naipinda bwinobwino ngati ya mwana wake, n'kundipatsa.

Titawoloka mlatho, chinenero changa chinathera pomwepo. Anthu ankaseka, ankakangana, kondakitala ankaitana maina a malo, ine ndili duu ngati mbuzi yopita ku msika. Basi ikaima ndinkaopa kutsika ngakhale kukataya madzi, kuti ingandisiye. Ndinkadya mbatata zanga zozizira chobisa. Pa Karoi panakwera mkulu wina wa m'mafamu, nakhala pambali panga, ndipo atandimva ndikudandaula ndekha singano itagwa, anati, “Pepani mayi, nayi.” Amayi, ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Makolo ake anachokera cha ku Dedza. Ndi amene anandilembera papepala basi yoti ndikakwere ku Harare, koma anatsikira pa Chinhoyi, ine n'kubwerera ku umbuzi wanga.

Ku Harare ndinagona pa siteshoni pakati pa amayi ena ageni, chikwama ndatsamira. Kutacha ndinakwera ya ku Bulawayo, nditaonetsa pepala lija kwa anthu atatu kuti nditsimikize. Chisanu cha kuno si cha ku Lusaka. Cha ku Gweru ndinaona udzu uli mbuu m'mbali mwa msewu, ndinayesa phulusa, chikhalirecho ndi chisanu, kenako ndinaona ana akupita kusukulu akutulutsa utsi m'kamwa. Zala zanga zinauma, singano sindinkazimvanso. Komabe ndinkaluka, ndipo ndikakoka ulusi ndinkayeseza chamumtima: ali bwino, akupereka moni. Ali bwino, akupereka moni. Mwina ndikamupeza atafa kale? Mwina adiresi iyinso ndi yakale? Nanga akandiyang'ana m'maso? Munkandiuza pondiphunzitsa kuti wamantha amaluka mothina, ndimasule dzanja. Ndinakumbukira, koma dzanja linakana. Ndinamangiriza mkonowo tikulowa mu Bulawayo.

Nyumba ndinaipeza masana, m'komboni yofanana ndi yathu, kungoti nyumba zake n'zanjerwa. Mayi mwininyumba sitinamvane chinenero, anangondiloza kachipinda kakuseri n'kupukusa mutu. Amayi, mwana wanu uja ankanyamula thumba la ufa ndi dzanja limodzi watha. Ndinamudziwira mpata wa m'mano. Anayesa kudzuka, chifuwa chinamubweza pa mphasa.

“Ba sisi, mwabwela mweka? Imwe? Nanga bamayi bali bwanji?”

“Bali bwino. Bakupasa moni.”

Zinatuluka bwinobwino, moti ndinadzidabwa. Ndinafulumira kutulutsa juzi kuti asandiyang'ane nkhope. Anainunkhiza kaye, naseka, nati ikununkha utsi wa mbaula yanu. Ndinamuthandiza kuvala. Anasisita pachifuwa, anasisita mkono wakumanja. Atafika ku wakumanzere dzanja linaima. Anatambasula mikono yonse iwiri pamaondo, nayang'ana uwu, nayang'ana uwo. Inenso ndinaona zimene sindinaone m'basi: wanu wofewa, malukidwe ake ofanana, wanga wothina ndi wamfupi, wosafika n'komwe pa mfundo ya dzanja.

“Uyu mkono mwaluka ni imwe, ba sisi.”

“Maso yabo yavuta masiku yano, n'nabathandizako cabe.”

“Bamayi baluka na mumdima,” anatero pang'onopang'ono. “Na nsingano zabo sibapasa munthu.”

Panja mayi uja ankatsuka mbale, ndipo tinamvetsera mbalezo nthawi yaitali.

“Ni liti?” anafunsa.

“February.”

Sanalire mokweza, mphamvu zake sizikanafika. Anatembenukira kukhoma, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Ine ndinalira maliro anu kachiwiri, m'dziko lopanda wondipepesa.

Lero ndi tsiku lachitatu. Masiku awiri oyamba sanadye kanthu, ndipo mawu a amayi aang'ono ankandilira m'khutu, kuti ukanena wamupha. Pakamwa ndinasunga monga anandiuzira, koma manja anga ndiwo anaulula, ndipo ndikuopa, Amayi, ndikuopa kwambiri kuti ndayenda ulendo wonsewu kudzamumaliza. M'mawa uno wamwako phala masipuni angapo. Ndinamupempha avule juzi ndimasule mkono woipawo, ndiulukenso bwino poti tsopano palibe chobisa. Anaufumbata ngati ndikufuna kumulanda.

“Siyani. Uyu ni wabo, uyu ni wanu. Ndiye bamene nasala nabo.”

Mawa m'mamawa tikukwera basi. Masiku awiri a msewu womwe uja, Gweru yomwe ija, mazenera a katoni, ndi munthu amene sangayende kufika pachipata osapumira. Sindikudziwa ngati pa boda akamulola akaona mmene alili. Sindikudziwa ndikatani akakomoka pakati pa anthu osamva chinenero changa. Bulangete ndamupatsa iye, ine ndizizidwa, ndazolowera.

Tsono ndili ndi pempho limodzi, ndipo musakwiye. Tonse tinkadziwa kuti Yotamu ndiye wapamtima panu. Chiwindi cha nkhuku chinali chake, ife makosi ndi zipalapaso, ndipo ndinasiya kale kudandaula. Ndikudziwa mwamusowa zaka zitatu, ndipo munatseka maso mukufunsa ngati walemba. Koma musamuitane, Amayi. Musamuchingamire panjira. Mwadikira nthawi yonseyi, dikiraninso. Ndisiyireni ine ndimufikitse ku Kanyama, anyamule kamwana ka Misozi, amve dzina lanu likuitanidwa pakhomo.

Mukandichitira zimenezo, ndikulonjeza kuti ndidzabwera naye ku manda a Chingwere akuyenda ndi miyendo yake, atavala juzi yathu, kuti mudzaone nokha mmene ndinaonongera ntchito yanu. Singano zanu ndazisunga bwino. Sindibwereketsa munthu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamantha uja,

Esinati